Nyali Imene Inazimitsidwa

Tsiku lina, pochonga makope a ana a Sitandade 7, tinapeza kuti mnyamata wina anajambula pa tsamba lomaliza nkhope yoyera mbee, ya maso akuda bii, ndi mpeni pambali pake. Titamfunsa, anayankha mwaulemu nati, "Aphunzitsi, ameneyu ndi Michael Myers. Safa." Anamuona m'kanyumba koonetsera kanema pa msika. Tinafuna kumdzudzula pomwepo, koma tinaganiza kuti si bwino kuweruza mlandu umene sitinaumve. Motero tinafunafuna kanemayo, ndipo tinamuonera kufikira kumapeto.

Dzina lake ndi Halloween, ndipo anampanga John Carpenter ku America m'chaka cha 1978. Nkhani yake ndi yopeka: mwana wa zaka 6 apha mlongo wake ndi mpeni, amtsekera m'chipatala cha odwala misala, ndipo patapita zaka 15 athawa nabwerera kwawo ku Haddonfield, kumene ayamba kusaka atsikana olera ana usiku wa pa 31 Okutobala. Chigoba chimene amavala anachigula m'sitolo ndi ndalama zosakwana madola 2. Chinali nkhope ya William Shatner, ndipo anachipaka utoto woyera. Kanema yenseyo anadya madola pafupifupi 300,000, koma anabweretsa madola mamiliyoni 47 ku America kokha.

Chinsinsi cha mau aja akuti "safa" chagona pamenepa. Kumapeto kwa kanema woyamba, dotolo wake amuombera zipolopolo 6, koma poyang'ana pamene wagwera, mtembo palibe. Mu 1981 anamtentha ndi moto. Mu 1982 anayesa kupanga kanema wopanda iye, anthu anadandaula, ndipo mu 1988 anamdzutsanso. Mu 1998 anamdula mutu, koma mu 2002 anafotokoza kuti wodulidwayo anali munthu wina wovekedwa chigoba chake. Pofika 2022 makanema ameneŵa anakwana 13. Chimene chinali kumuukitsa si ufiti ayi, koma ndalama za oonera. Ena ataona phindulo anatsanzira, monga Friday the 13th mu 1980 ndi A Nightmare on Elm Street mu 1984, naonjezera magazi amene m'kanema woyamba anali ochepa.

Koma chimene chinatisoŵetsa tulo ife si mpeni. Muli mtsikana wa sukulu, Laurie Strode, amene anamseŵera Jamie Lee Curtis. Atavulazidwa, athamangira ku nyumba ya anansi, agogoda nakuwa kupempha chithandizo. Nyali ya pakhonde iyaka, munthu asuzumira pa zenera, kenaka nyaliyo izima. Mtsikanayo abwerera yekha kukateteza ana aŵiri amene anali m'manja mwake, ndipo zida zake ndi singano yolukira ndi waya wopachikira zovala. Makolo onse usiku umenewo anali atachoka. Otsanzira ambiri anatola mpeni, naiŵala mtsikana uja ndi khomo lotsekedwa lija.

Tinachita manyazi, chifukwa tinakumbukira usiku wina pamene tinamva mfuu kutsidya kwa mseu, ndipo tinangoti ndi za m'banja la eni, nkufundanso bulangete. Kutacha tinamva kuti mayi wina ali m'chipatala.

Makolo anzathu, makanema aŵa si a ana, ndipo mnyamata uja tinamuuza zimenezi mosabisa, pamodzi ndi atate ake. Tidziŵe kumene ana athu amapita ndi ndalama zimene timaŵapatsa. Inunso achinyamata, musanyengedwe: munthu wobayidwa ndi mpeni sadzukanso kuti adzaseŵere kanema wachiŵiri. Koma tisanaloze chala ku America, aliyense adzifunse yekha: mwana wa mnzathu akagogoda pakhomo pathu usiku, kodi nyali yathu idzayakabe?