Kunja kwa Mpanda wa Liwonde

Tinanyamuka ku Balaka Lamulungu m'mamawa, ana akungokamba za njovu ndi mikango. Mtima wawo unali kunkhalango ya Liwonde, yomwe boma linaikhazikitsa mu 1973. Koma tsiku loyamba tinalithera kunja kwa mpanda, ndipo sitinadandaule.

Tinayamba taima pa Kamuzu Barrage, pomwe zitseko zachitsulo zimachepetsa kapena kuonjezera madzi a Shire opita kumakina a magetsi ku Nkula. Mvuu zinkafwenthera chapatali. Ana anapempha kuviika mapazi, ife tinakana: mumtsinjemu muli ng'ona, ndipo m'madzi odekha mumabisala likodzo. Amayi ogulitsa nsomba anatiitanira milamba youma. Inu owerenga mukudziwa kale kuti tinagula chambo.

Titaoloka mlatho tinalowa m'boma la Machinga, kulunjika ku Malape, m'munsi mwa mapiri a Chikala. Kumeneko mvula ya zaka zambiri inakokolola nthaka n'kusiya zipilala zazitali zadothi, zoima ngati makoma a mudzi wabwinja. Mnyamata wa m'mudzimo anatitsogolera, ndipo tinam'patsa kangachepe. Dzuwa lake ndi loswa mtengo, choncho nyamulani madzi akumwa okwanira ndi zipewa.

Madzulo tinabwerera mbali ya Balaka, kudzera pa Ulongwe, kukagona ku Njobvu Cultural Village, pafupi ndi nkhalango. Tinasinja nawo chimanga, tinadya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, tinagona m'masikito. Gogo wina atationa tikusirira madengu a mlaza anati, "Ana anga, njovu mukukaonazo ife timazidziwa ndi mapazi ake m'munda."

Mawuwo anatikhala. Chitengereni nkhalangoyi a African Parks mu 2015, anaizinga ndi mpanda wamagetsi, anabweretsa mikango mu 2018, ndipo mu 2022 anasamutsira njovu 263 ku Kasungu. Zinthu zasinthadi, komabe njovu ikathyola waya usiku, wogona ndi njala ndi mlimi, osati mlendo wa kamera. Galimoto zambiri zimangodutsa m'midzimu n'kusiya fumbi.

Tinagula madengu awiri ndi malambe osanenerera mtengo. M'mawa mwake tinalowa m'nkhalango, ndipo njovu tinazipeza zikumwa madzi pansi pa migwalangwa. Wamng'ono wathu anafunsa kuti yadya chimanga cha agogo ija ndi iti.