Makolo Amene Anavomera

Ife Asilamu sitichedwetsa maliro. Mwana akatisiya m'mawa, timafuna asambitsidwe, avekedwe sanda, aikidwe dzuwa lisanalowe. Tsono taganizani, abale, misozi isanaume dokotala n'kutipempha kuti ayambe wang'amba thupilo n'kulipima. Ambirife tingakane, ndipo ndani angatidzudzule?

Komatu kuyambira m'chaka cha 1996, pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, makolo ena anavomera pempho lotereli kuchokera kwa Dr. Terrie Taylor ndi anzake, amene ankafufuza za malungo a muubongo. Zotsatira zinatuluka mu 2004. Mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungowa, 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Tizirombo ta malungo anali nato m'magazi, inde, koma sindito tinawapha.

Chimene chinasiyanitsa anawa ndi maso. Mwana wodwaladi malungo a muubongo amakhala ndi timadontho ta magazi ndi mawanga oyera mkati mwa diso. Lero mwana wathu akakomoka, dokotala angathe kusuzumira m'disomo akadali moyo, ndipo akapanda kuona zizindikirozi, amafufuzanso nthenda ina nthawi isanathe.