Mboni ya m'foni pa mlandu wa Salah

Ambiri akamva Fantasy Premier League amaganiza ija ya mapaundi 100 miliyoni, yomwe aliyense amatha kugula Haaland bola ndalama zikwane. Ife timasewera inayo, ya Draft. Mulibe bajeti, mulibe kaputeni, ndipo wosewera aliyense amakhala ndi mwini mmodzi basi, ngati ng'ombe. Ukasirira wa mnzako mumasinthana, wapakati ndi wapakati, wakutsogolo ndi wakutsogolo. Milandu imayambira pamenepo.

Mu ligi yathu tilimo asanu ndi atatu, tonse tinadziwana ku koleji. Pano tinamwazikana: wina akuphunzitsa ku Malomo, wina akugulitsa mbewu ndi feteleza pa Mponela, awiri ali ku Joni, ine ndili m'mapiri muno kumtunda kwa Dowa boma. Timasonkha kangachepe, wopambana n'kutenga. Ndalamayo si yoti n'kugulira malata, koma ligiyi ndi chingwe chokhacho chatsala pakati pathu. Ngakhale za maliro timamvera pa gulu la WhatsApp lomwelo.

Mu 2024/25 Mohamed Salah anagoletsa zigoli 29, n'kupereka mipira 18 yomwe anzake anagoletsera, mapointi 344. Kwathu Salahyo anasintha khola chapakati pa sizoni, kuchoka kwa mnzathu wa ku Mponela kupita kwa msuweni wake wa ku Joni, yemwe anadzapambana. Aphunzitsi a ku Malomo sanazengereze: "Aise, awa anapangana. Ndalama isatuluke." Poti mlembi ndine, anati ndibweretse mndandanda wa kusinthana konse, ndani anapatsa ndani, sabata iti, ndipo anapindula ndani.

Ndinaitana mboni yosadya nsima ya munthu, kapulogalamu ka AI kaja amati kamatha kukafufuza kokha pa intaneti. Choyamba kanapempha pasiwedi yanga. Ndinakana. Ndinakapatsa nambala ya ligi ndi masamba omwe ndinakopera ndekha, ndili pa chulu kuseri kwa tchalitchi komwe netiweki imagwirako.

Kuthamanga kokha kamathamanga. Madzi a tiyi asanawire, tebulo linali litabwera, laudongo ngati lipoti la ku banki. Koma pamzere wachitatu panali Michael Olise, akuti anasinthanitsidwa sabata ya 9. Olise anachoka ku Crystal Palace kupita ku Bayern Munich mu Julaye 2024, sizoni isanayambe. Pansi pake panalinso Julián Álvarez, yemwe nthawiyo anali kale ku Atlético Madrid. Anthu awiri omwe sanaponde bwalo la ligi ya ku England chaka chonsecho, eti akugulitsidwa pakati pa Dowa ndi Ntchisi.

Chomwe chinachitika n'chakuti kuseri kwa masewerowa osewera sasungidwa ndi mayina, amasungidwa ndi manambala, ndipo manambalawo amagawidwa mwatsopano sizoni iliyonse. Kapulogalamuko kanatenga manambala olondola n'kuwaveka mayina a chaka chatha. Sikanakayikeko n'komwe. Izi n'zomwe zinandidetsa nkhawa kuposa bodza lenilenilo: mzere woona ndi wabodza unalembedwa ndi mtima umodzimodzi, ndipo akanakhala mayina a osewera omwe adakali mu ligi, bwenzi tebulolo litalowa pa gulu ngati umboni.

Kanasakanizanso kusinthana kwa anthu awiri ndi ma waiver, kuja umatola wosewera wopanda mwini. Imeneyo inali yosavuta kukonza.

Nditakapatsa mndandanda wa mayina a 2024/25, kanagwira ntchito yabwino, chilungamo chake. Kanawerengera mapointi a wosewera aliyense asanasinthidwe ndi atasinthidwa, ntchito yomwe ikanandidyera Loweruka lonse ndi mabandulo awiri. Ndinatsimikiza mizere isanu ndi cholembera, yonse inagwirizana. Kenaka ndinakayesa dala. Ndinaloza mzere woona n'kunena kuti walakwika. Kanapepesa mwaulemu ngati mkamwini, n'kusintha yankho. Mboni yotere kwa amfumu sangayifunse kawiri.

Ndiye funso lenileni, anapanganadi? Kanandiyalira mbali zonse ziwiri n'kundisiya pomwepo. Manambala akuonetsa kuti wa ku Mponela analandira osewera awiri omwe pamodzi sanafike pa Salah. Sakuonetsa kuti mwezi womwewo msuweni wa ku Joni ndi yemwe analipira fizi ya mlongo wake wa mnzathuyo. Tonse timadziwa zimenezo, ndipo palibe akufuna kuzilemba pa gulu.

Tebulo lokonzedwalo ndinatumiza Lachitatu, pamodzi ndi zithunzi za masamba enieni kuti aliyense adzionere. Ndapemphanso kuti sizoni ikubwerayi titsegule lamulo lija lakuti kusinthana kulikonse kudutse kaye m'manja mwa ena onse. Asanu avomera. Aphunzitsi angotumiza chithunzi cha mbuzi, ndipo ndalama ikadali m'foni mwanga.