Botolo lili ndi dzina, belo lili ndi nambala

Aliyense amene anakulira m'chigafa kuno ku Kasungu amadziwa kuti fodya sasankha ndi maso okha. Tsamba umaligwira kuti umve makulidwe ake, umalitambasula, umalinunkhiza. La m'munsi limakhala lopepuka, la kunsonga lokhuthala ndi laukali, ndipo limene linawola ndi chinyezi limadziulula lokha usanaligwire n'komwe. Zimenezi sitizitcha luso. Timangoti ndi ntchito ya m'chigafa basi.

Ine ndalima fodya wa bale kwa zaka zambiri cha ku Santhe, koma zoti mphuno ya mlimi ndi chuma ndinakazionera ku South Africa. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Cape Town, ndipo nditapita kukamuona ananditengera ku chakudya chamadzulo pa munda wina wa mphesa ku Stellenbosch, tauni yomwe inakhazikitsidwa mu 1679. Mtengo wake anakana kundiuza. "Ababa, inu ingodyani," anatero.

Sikunali kongokhala n'kudikira mbale. Titangofika anatipatsa maepuloni, ndipo wophika wamkulu anagawira tebulo lililonse ntchito. Ife anatipatsa yosakaniza zokometsera za bobotie, nyama yogaya imene amaiwotcha mu uvuni atathira mazira ndi mkaka pamwamba. Ine munthu wamkulu kusinja adyo pakati pa alendo ochokera ku Germany! Mayi a kunyumba akanaona akanaseka mpaka misozi.

Kenako kunabwera vinyo, mabotolo ake atakutidwa ndi nsalu kuti tisaone dzina. Mnyamata wotsogolera anatiphunzitsa kupendeketsa tambula kuti tione mtundu, kuizunguza pang'ono, kununkhiza, kulawa, kenako kulavulira m'kachidebe. Kwathu kulavula chakumwa cha mwini nyumba ndi chipongwe, koma kumeneko ndi mwambo, kuti lilime lisatope ndipo munthu asaledzere. Tinayamba ndi Chenin Blanc woyera, kenako Pinotage, mphesa imene Abraham Perold anaipanga mu 1925 pokwatitsa mitundu ya Pinot Noir ndi Cinsaut.

Pa tambula yachinayi mnyamata uja anafunsa kuti tikumva fungo lanji. Ena anati zipatso, ena chokoleti. Ine ndinamva chigafa changa, fodya atauma bwino n'kufewa ndi mame a m'mawa. Ndinanena choncho, mwana wanga n'kumasulira zimene Chingerezi changa chinasiya. Mnyamatayo anaomba m'manja. Anati vinyo wofiira amene wakhalitsa m'migolo ya mtengo wa oak ndi m'botolo nthawi zina amatulutsa fungo la tsamba la fodya, ndipo akatswiri amaliyamikira kwambiri. Taonani, fungo limene timachapa m'malaya tikamapita kutchalitchi, anthu amalilipirira ndalama.

Atavundukula botolo lija, panali dzina la munda, dera ndi chaka chimene anakolola mphesazo. Kuyambira mu 1973 South Africa ili ndi lamulo la Wine of Origin: botolo likalembedwa kuti Stellenbosch, mphesa zonse ziyenera kukhala zochokera komweko. Mayi wina wa ku Germany anandifunsa mwaulemu kuti fodya wa m'munda mwanga angamupeze m'sitolo iti, pa dzina lanji.

Funso limeneli lilibe yankho, ndipo si kwa ine ndekha. Fodya wathu tikamudinda pa jeke amapita ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo ali ndi nambala ya mlimi pa tikiti. Akagulidwa amasakanizidwa ndi wa alimi ena mazanamazana, kenako ndi wa mayiko ena, mpaka kulowa mu ndudu imene wosuta sadziwa kuti muli dothi la Kasungu. Wosamala ndi wosasamala onse amathera mu mulu umodzi. Mlimi wa mphesa akachita bwino chaka chino, ogula amamufunafuna ndi dzina chaka chamawa. Ife chaka chilichonse timayambiranso ngati alendo.

Sindikunena kuti minda ya mphesa ndi paradaiso. Kale antchito ena kumeneko ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro, ndipo mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito chifukwa cholandira R69 patsiku. Ife amene tikudziwa moyo wa matenanti m'maesiteti athu sitingaloze chala. Ngakhale amene anatichotsera mbale usiku umenewo anali mwana wa ku Mzimba, amene anandinong'oneza kuti, "Bambo, kumudzi mvula yagwa bwanji?"

Komabe nkhani ya dzina inandikhala pamtima. Ku Malawi konkuno khofi wa Mzuzu, tiyi wa Satemwa ku Thyolo ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga amagulidwa ndi dzina. Fodya mwina n'zovuta, poti ogula ake amafuna wosakaniza ndipo dziko likulimbana ndi kusuta. Nanga mtedza wathu, umene mavenda amautenga m'matumba opanda chizindikiro chilichonse?

Nditabwerera ndinakaitula nkhaniyi ku kalabu yathu, kuti tiyese kusankha mtedza monga timasankhira fodya, n'kuuika m'mapaketi olembedwa Santhe ndi chaka chokolola. Amayi ambiri anavomera. Msungichuma anafunsa kuti ndalama ya mapaketi ndi yopita nawo ku Malawi Bureau of Standards ichokera kuti, popeza ya fodya imafika ngongole ya feteleza itadya kale. Tinagwirizana kuti aliyense apatule thumba limodzi la mtedza wosankha, tidzakambiranenso tikakolola.