Utsi wa m'balani

Pa komboni ina ya ku Raffingora, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pali mnyamata wa zaka 19 amene watha milungu itatu akulimbana ndi utsi. Ndi utsi umene wauona chibadwire, wotuluka pachumuni cha balani m'nyengo yootcha fodya, koma tsopano akufuna kuti ufuke pa laputopu yakale imene mlongo wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Pulogalamu imene amagwiritsa ntchito, Blender, ndi yaulere, ndipo ikhoza kudzipangira yokha utsi ngati kompyuta ili yamphamvu. Yakeyo ikayesa zimenezi imatentha n'kuzima. Choncho amajambula pamanja, chithunzi chimodzichimodzi. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, koma ojambula makatuni kawirikawiri amajambula 12 n'kuonetsa chilichonse kawiri. Masekondi asanu a utsi ndiye kuti zithunzi 60.

Atamaliza anakaonetsa agogo ake aamuna, amene anakalambira pa ntchito yosonkhezera moto m'mabalani. Mkuluyo anaonera kawiri, n'kupukusa mutu.

"Umenewu ndi utsi wa lupsa, mdzukulu wanga. Wa m'balani suthamanga chonchi. Nkhuni zikakhala zaziwisi umayamba uli tolo, kenako umalemera. M'mawa kukakhala chinyezi umatsika n'kumakwawa padenga nyang'anyang'a."

Usiku womwewo mnyamatayo anafufuta zithunzi 40 n'kuyambanso.

Agogowa anachoka ku Dedza ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1950, nawoloka Zambezi ku Tete monga anachitira anthu miyandamiyanda a ku Nyasaland ndi a m'dziko la Apwitikizi amene ankatsikira ku Halale, ena wapansi, ena potengedwa ndi Mthandizi. Ankati akapeza ya njinga ndi bulangeti abwerera. Sanabwerere. Kumudzi anthu otere amawatcha matchona, pamene kuno Ashona amawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo mzindawo sanaupondeko. Pamene mapulazi a azungu anayamba kulandidwa ndi kugawidwa mu 2000, antchito a m'makomboni ambiri anatsala opanda ntchito komanso opanda munda. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana awo ambiri, obadwira m'Zimbabwe momwemo, akuwerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo malamulo omwewo anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Mnyamatayu ndi woyamba m'banja mwawo kukhala ndi chitupa mosavutikira.

Njira zimene anzake a kusukulu atenga ndi zodziwika: maganyu a fodya kwa alimi atsopano, kukumba golide m'mitsinje, kromu ku Mutorashanga, apo ayi basi ya ku Joni. Iye anaona njira ina pafoni. Mu July 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, makatuni a atsikana anayi a ku Lusaka, nkhani imene anayambitsa mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Mwezi womwewo Disney+ inatulutsa Kizazi Moto, mafilimu khumi aafupiafupi a ojambula a mu Africa, ndipo imodzi mwa iwo, Mukudzei, inali ya anthu awiri a ku Zimbabwe, Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove. Ntchito zonse ziwirizi zinadzera ku situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town. Mnyamatayo anangoonako tizidutswa, poti mabando a intaneti sanali okwanira, koma mayina aja anawalemba kuchikuto cha kope lake la masamu. Pofufuza anapeza kuti ku Harare komweko, mu 2003, kunatuluka The Legend of the Sky Kingdom, filimu yathunthu imene zidole zake anazipanga ndi mawaya, zitini ndi zinyalala zina. Amene anaipanga, a Sunrise Productions, pambuyo pake anasamukira ku Cape Town nakapanga Jungle Beat. Iye amene anakula akupinda magalimoto a mawaya anazindikira kuti luso limeneli si la kutali monga ankaganizira. Anazindikiranso kuti aluso ake amathera kum'mwera.

Pang'onopang'ono anaphunzira kuti situdiyo si malo a munthu mmodzi wodziwa kujambula. Pali wolemba nkhani, ndi wina woidula m'zithunzi zosonyeza kuti kamera ikhala pati. Pali woumba anthu ndi nyama pakompyuta, ndi wina wowaika mafupa ndi mfundo kuti athe kupinda bondo. Pali wowayendetsa, woika kuwala ndi mithunzi, ndi wosanjikiza zonsezi kuti zikhale chithunzi chimodzi. Nthambi ina, imene amaitcha visual effects, imagwira pa filimu yojambulidwa kale ndi kamera: kuthiramo mvula kumene sinagwe, kuyatsa moto umene sunayake, kuchulukitsa khamu, kufufuta chingwe chimene chinanyamula wosewera. Ongoyamba kumene ambiri amapatsidwa ntchito yodula munthu m'mbalimbali mwake, chithunzi ndi chithunzi, kuti achotsedwe pamalo pamene anajambulidwira. Atawerenga zimenezi anaseka, pakuti zinamukumbutsa kusankha fodya m'shedi, tsamba limodzilimodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Anapezanso kuti olemba ntchito amayamba kuona kafilimu ka mphindi imodzi kapena ziwiri kosonyeza zimene munthu amatha, satifiketi imabwera pambuyo. Triggerfish ili ndi maphunziro aulere pa intaneti. Ku Chinhoyi University of Technology, kumene si kutali ndi Raffingora, kuli sukulu ya zaluso ndi zojambula, koma imafuna fizi. Ndipo mu March 2025 filimu ya ku Latvia, Flow, yopangidwa ndi Blender yomweyi, inalandira mphotho ya Oscar.

Zonsezi anakazifotokozera amalume ake, mwini mbumba, tsiku lina Lamlungu atachokera ku tchalitchi. Amalumewo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, mphwanga. Koma makatuniwa adyetsa ndani? Amayi akowa akadwala, udzawatengera kuchipatala ndi chithunzi?"

Mlongo wake uja anali atatumiza ndalama zokwanira chinthu chimodzi: laisensi yoyendetsera lole kapena pasipoti. Amalume ankafuna laisensi. Fodya amapita ku okushoni ku Harare chaka ndi chaka, ndipo dalaivala wa lole sasowa pogwira.

Amalumewo sanalakwe, ndipo mnyamatayo anadziwa zimenezi kuposa iwo, chifukwa anali atawerenganso mbali yowawa ya ntchitoyi. Mu February 2013 kampani ya Rhythm & Hues ya ku America inalengeza kuti yagwa m'ngongole, ndipo patangopita milungu yochepa antchito ake analandira Oscar chifukwa cha nyalugwe wa m'filimu ya Life of Pi. Mu February 2025 gulu la Technicolor, limene linali ndi masitudiyo akuluakulu a MPC ndi The Mill, linagwa, anthu ambirimbiri ku London, ku Paris ndi ku India n'kutsala padzuwa. Ntchito zambiri ndi za kontirakiti, filimu ikatha nazonso zatha. Mapulogalamu a AI ayamba kale kuchita ntchito zing'onozing'ono zimene ongoyamba kumene ankalowera nazo. Kuwonjezera apo pali za pakhomo: magetsi amene amazima madzi akatsika ku Kariba, kasola kamene kamatchaja foni koma laputopu kamailephera, ndi intaneti ya Starlink imene inafika m'dzikomo mu 2024 koma pa komboni palibe angaikwanitse. Wachinyamata wa ku Mumbai kapena ku Cape Town ali ndi makina abwino ndiponso aphunzitsi. Funso limene linamusowetsa tulo linali lakuti iye wa ku Raffingora akapita nacho chiyani chimene iwowo alibe.

Yankho linali m'mawu aja a agogo: tolo, nyang'anyang'a. M'galamala ya Chichewa mawu otere amatchedwa mvekero. Katswiri wa ziyankhulo Clement Doke anawafotokoza mu 1935 m'buku lake la Bantu Linguistic Terminology, ndipo ziyankhulo zathu zili nawo ochuluka pamene Chingerezi chili nawo ochepa. Mvekero sungotchula chochitika, umaonetsa kulemera kwake, liwiro lake ndi kutha kwake. Munthu akagwa kuti khu, ndi wolemera ndipo wagwa kamodzi. Akatulukira kuti balamanthu, palibe anamuona akubwera. Woyenda dzandidzandi ndi wosiyana ndi woyenda nyang'anyang'a, ndipo nyenyezi zikakhala phethiphethi si chimodzimodzi ndi malata ali waliwali. Ojambula a kwa Disney, Frank Thomas ndi Ollie Johnston, analemba mu 1981 mfundo 12 za kayendetsedwe ka makatuni, ndipo zambiri mwa izo zikukamba zomwezi: nthawi, kulemera, kukonzekera kwa thupi lisanalumphe. Zimene wophunzira wa ku situdiyo amaphunzira powerenga zithunzi, mwana wa Mchewa anayamba kuzimva ndi khutu madzulo pa nthano. Mnyamatayo anayamba kope latsopano. Kumanzere amalemba mvekero, kumanja chiwerengero cha zithunzi zimene umafuna. Khu anaupatsa zitatu. Nyang'anyang'a unadya tsamba lonse.

Palinso nkhani ya pakamwa. Zithunzi zophunzitsira kayendedwe ka milomo ya katuni zimene anapeza pa intaneti zinakonzedwa potsata Chingerezi, chimene mawu ake ambiri amathera pa konsonanti. Mawu a Chichewa amathera pa vawelo, mwa mavawelo asanu aja, kotero pakamwa sipatsekeka kumapeto kwa liwu. Katuni woyankhula Chichewa ndi milomo ya Chingerezi amaoneka ngati akutafuna. Mu 2019 Chichewa chinamveka m'filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, ngakhale osewera ake akuluakulu, monga Chiwetel Ejiofor ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, anachita kuchiphunzira. Makatuni ndiye akudikirabe munthu wodziwa mmene milomo imayendera ponena kuti "mwaswera bwanji". Chichewa cha mnyamatayu ndi cha pa komboni, chosakanikirana ndi Chishona: ntchito amati basa, ndalama amati mari. Kusukulu ankachita nacho manyazi, kubisa kuti asamuseke. Tsopano amajambula mawu a agogo ake pafoni n'kumawamvetsera mobwerezabwereza, galasi lili m'manja, akuyang'ana milomo yake.

Poyamba ankafuna kuti kafilimu kake koonetsa kwa olemba ntchito kakhale ka Gule Wamkulu. Gule anabwera ndi matchona ndipo m'mapulazi a Mashonaland amavinidwa mpaka lero, Ashona amati zvigure. UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mnyamatayo ankaona kale m'maganizo Kasiyamaliro akuzungulira, fumbi lili koboo, ndipo ankadziwa kuti wa ku Cape Town akaona zimenezi adzaima. Koma pakompyuta chinthu sichiyenda usanachiike mafupa, ndipo kuika mafupa ndiko kunena za m'kati mwake. Anakafunsa agogo.

"Zimene maso a amayi ako amaona pabwalo, jambula," anatero mkuluyo. "Za kudambwe n'zakudambwe. Ukazigulitsa kwa azungu udzapeza ntchito, koma maliro anga adzavina ndani?"

Anakhala masiku awiri wosatsegula laputopu. Anadziwa kuti wataya chithunzi chimene chikanamugulitsa msanga. Tsiku lachitatu anabwerera kwa agogo ndi foni, nawapempha kuti afotokoze tsiku limene anafika papulazi. Mkuluyo anayankhula kwa ola lathunthu: za mapazi otupa, za kapitawo amene anawalemba dzina molakwika ndipo dzina lolakwikalo n'kukhala lawo mpaka lero, za mmene anaonera mabalani koyamba m'bandakucha n'kuganiza kuti mudzi ukupsa. M'ola limenelo mnyamatayo anasankhamo masekondi 60. Pa zithunzi 12 pa sekondi, ndiye kuti zithunzi 720.

Ndi amalume anapangana chonchi. Nyengo ino agwira maganyu a fodya mpaka okushoni itatsekedwa, ndalama zake n'kuthandiza pakhomo. Za mlongo wake zija zikhala osakhudzidwa. Kafilimuko kakatha, akatumiza ku masitudiyo a ku Harare ndi ku Cape Town ndiponso kulikonse kumene amalandira ntchito za ophunzira. Akayankhidwa, akatenga pasipoti. Fodya wa chaka chamawa akadzafika pothyola asanayankhidwe, akaphunzira lole popanda kunyinyirika. Amayi ake sananene kanthu pa msonkhanowo, koma mawa lake anasamutsa kasola kaja kuchoka pa wailesi yawo n'kukaika pawindo la chipinda chake.

Pakali pano wafika pa chithunzi cha 214. Amajambula usiku magetsi akabwera, zala zikununkha fodya. Lachisanu lapitali anakaonetsanso agogo masekondi asanu aja. Mkuluyo anaonera katatu, osapukusa mutu, kenako analoza pakona ya sikirini ndi chala.

"Apa ndiye wayamba kukhala utsi. Koma nkhuni zakozi zauma kwambiri. Ife tinkasonkhezera zaziwisi."