Usiku wa Makorali

Kumpoto chakum'mawa kwa Australia, m'nyanja yamchere, kuli mndandanda wa matanthwe wotchedwa Great Barrier Reef, wotalika makilomita pafupifupi 2,300. Amene adamanga matanthwewa ndi tizamoyo tating'onoting'ono totchedwa makorali, timene timakhala mothinana miyandamiyanda, kalikonse m'kachipinda kake ka laimu. Korali akakhazikika pamalo sasunthanso kufikira imfa. Nanga chamoyo chosayenda chimakumana bwanji ndi chinzake kuti chibereke?

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankakhulupirira kuti makorali ambiri amasunga ana m'thupi ndi kuwatulutsa atakula pang'ono. Koma mu 1981 ofufuza a pa James Cook University, akusambira usiku pafupi ndi Magnetic Island, adaona zina. Makorali a mitundu yosiyanasiyana adali kutulutsa timibulu ta mazira ndi umuna pa nthawi imodzi, ndipo timibuluto tinkakwera pang'onopang'ono kukayandama pamwamba pa madzi. Zimene adaonazi zidasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1984. Lero zikudziwika kuti mitundu yoposa 100 imaswana motere, pa masiku owerengeka chabe pa chaka, pakati pa Okutobala ndi Disembala.

Aliyense amene adaonapo ngumbi zikutuluka m'chulu mvula yoyamba itagwa angamvetse nzeru yake. Zikatuluka zonse pamodzi, mbalame zimakhuta zina n'kutsala. Kwa makorali vuto lilipo linanso: madzi amamwaza umuna msanga, ndipo mphamvu yake imatha m'maola ochepa. Korali wochedwa ndi usiku umodzi wataya chaka chathunthu.

Chodabwitsa n'chakuti tizamoyoti tilibe ubongo kapena maso, komabe timagwirizana tsiku ndi ola. Timawerenga zizindikiro zitatu. Kufunda kwa madzi dzinja la kumeneko likamayandikira kumakhwimitsa mazira ndi kusonyeza nyengo. Mwezi wakumwamba umasonyeza tsiku, pakuti kuswana kumachitika patapita masiku angapo mwezi utakhala wathunthu. Kulowa kwa dzuwa kumasonyeza ola, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ola lakelake. Mu 2007 kudapezeka kuti makorali a mtundu wa Acropora ali ndi mapuloteni omva kuwala, ngakhale kuwala kofooka kwa mwezi. Kafukufuku wina wa ku Taiwan, wofalitsidwa mu 2021, adasonyeza kuti kwa mtundu wina chizindikiro chenicheni ndi mdima umene umagwa dzuwa litalowa mwezi usadatuluke. M'Chichewa liwu limodzi lakuti mwezi limatchula chounikira cha usiku komanso chigawo cha chaka, umboni wakuti makolo nawonso ankawerenga nthawi pa thambo lomwelo.

Koma chizindikiro chimagwira ntchito pokhapokha onse akachimva mofanana. Ku Eilat, m'Nyanja Yofiira, Tom Shlesinger ndi Yossi Loya adayerekeza kaswanidwe ka makorali ka zaka za 2015 mpaka 2018 ndi ka m'ma 1980. Adapeza kuti mwa mitundu isanu, itatu idali itasiya kugwirizana: ena ankatulutsa mazira lero, anzawo patapita masabata. Mitundu imeneyi idalinso ndi ana ochepa kwambiri. Matanthwe otere amaoneka amoyo kwa mlendo, chonsecho ndi mudzi wa nkhalamba zokhazokha.

Ku Great Barrier Reef nako, kutentha kwa madzi kwa mu 2016 ndi 2017 kudapha makorali aakulu ochuluka, kotero kuti mu 2018 chiwerengero cha ana okhazikika pa matanthwe chidatsika ndi 89 pa 100 alionse. Magetsi a m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja nawonso amafafaniza mdima umene makorali amadikira.

N'chifukwa chake ofufuza otsikira m'madzi pa usiku wa kuswana amakonda kunyamula tochi yowala mofiira, imene sisokoneza makorali kwenikweni. Amayandama chete pamwamba pa thanthwe, nthawi zina kwa masiku angapo osaona kanthu, kudikira kuti kambulu koyamba kamasuke ndi kuyamba kukwera.