ULENDO WA KU BARA: NAMWINO NDI CHITUPA CHAKE

Amuna a pamgodi, inu mudziwa Joni ndi kunsi kwake. Lero tiyeni timuyende pamwamba. Loweruka lina ndidakwera tekisi m'tauni kulinga ku Soweto. Tidapitirira milu yachikasu ya mchenga wa m'migodi, imene atate athu adafukula, ndipo ola lisanathe tidatsika ku Diepkloof. Pamenepo pali bwalo lalikulu la matekisi, ndi amayi ogulitsa nyama yootcha, zipatso ndi mankhwala azitsamba. Mukaoloka mlatho wa oyenda pansi, mwafika pa chipatala cha Baragwanath, chimene eni dziko angoti Bara.

Chipatala chimenechi chidatsegulidwa mu 1942 kuti chisamale asilikali a nkhondo yachiwiri. Mu 1948 chidasanduka cha anthu akuda a m'Johannesburg, ndipo mu 1997 chidalandira dzina la Chris Hani. Chili ndi mabedi opitirira 3,000. Mawodi ake akale andandalika m'mizere monga nyumba za pakomponi, ndipo makonde ake ngaatali kwakuti mlendo asokera ngati ali m'migodi tsiku loyamba.

Ine ndidapita kukazonda mnzanga wa ku Dedza amene adathyoka mwendo. Ndili pabenchi, ndidamva mayi wina alikulankhula chinenero chakwathu pafoni, dzanja lina atagwira njinga ya gogo wodwala. Tidalonjerana. Nditafunsa ngati agwira ntchito pomwepo, iwo adaseka nati, "Iyayi achimwene. Kwathu ndidagwira unamwino zaka 9, ndipo ana amene ndidabadwitsa sindingawawerenge. Koma kuno sindiloledwa kubaya munthu jakisoni. Ndidangokwera basi pa Wenela ku Blantyre osayamba ndafunsa za mapepala. Tsopano ndisamala agogowa kunyumba kwawo."

Kodi nchifukwa ninji? Lamulo la dziko lino liti munthu sangagwire unamwino popanda kulembedwa m'kaundula wa bungwe la South African Nursing Council, limene lidakhazikitsidwa mu 1944, ndipo maofesi ake ali ku Pretoria. Amayi aja adalembedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe la mu 1966. Luso lawo lidaoloka nawo pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, koma mphamvu ya chitupa chawo idatsalira pa chipata choyamba.

Inu nkhani yotere muidziwa. Kufikira 1988 munthu wakuda sankapatsidwa tikiti yophulitsira miyala, angakhale adziwe ntchitoyo kuposa kapitao wake. Koma pali kusiyana. Lamulo lija linali la khungu. Ili la anamwino nlotchinjiriza wodwala. Mnzanga wa ku Dedza ali chigonere sangathe kufunsa amene amupatsa mankhwala kuti adaphunzira kuti. Kaundula ndiye amufunsira.

Mwambo umenewu ngwakale kuno. Mu 1891 boma la Cape lidayamba kulemba anamwino m'kaundula, lisanatero dziko lina lililonse, chifukwa cha khama la Sister Henrietta Stockdale wa ku Kimberley. Mu 1908 Cecilia Makiwane, amene adaphunzira ku Lovedale, adakhala namwino wakuda woyamba kulembedwa, ndipo nyumba ya bungwe lija ku Pretoria itchedwa dzina lake. Lero chitupa chimodzi chikwanira m'zigawo zonse 9 za South Africa, malinga mwini wake alipire chaka ndi chaka. Namwino wa ku Bara angathe kukagwira ku chipatala cha ku Welkom kapena ku Rustenburg wopanda kulembetsanso.

Ku America zidali zovuta kuposa apa, pakuti chigawo chilichonse chipereka chitupa chakechake. Kumeneko kuli anamwino oyendayenda amene agwira pa kontilakiti monga inu, kawirikawiri masabata 13 pa chipatala chimodzi, nasamukira kwina. Kale aliyense ankayamba wapempha chitupa chatsopano pa chigawo chilichonse, odwala alikudikira. Mu 2000 zigawo zingapo zidapangana kuti chitupa cha kwawo kwa munthu chigwire ntchito mwa onse a m'panganolo, ndipo tsopano madera opitirira 40 alowamo.

Namwino wochokera ku Malawi alibe njira yachidule yotere. Ayenera kupeza kalata yomuvomereza ku Unduna wa Zaumoyo wa dziko lino. Masatifiketi ake ayamba ayesedwa ndi bungwe la SAQA. Bungwe la kwathu litumiza umboni wakuti iye alidi m'kaundula. Pambuyo pake alemba mayeso a bungwe la ku Pretoria, ndipo afunikanso chilolezo chogwirira ntchito. Zonsezi zitenga miyezi yambiri ndi ndalama. Dziwaninso kuti boma la kuno silifulumira kutenga anamwino a maiko oyandikana nalo, pakuti nawonso aperewera kwawo.

Chifukwa chake, abale, ngati muli ndi mwana kapena mlongo amene mudamuphunzitsa unamwino ndi thukuta la pansi, ndipo alikuti mumutumizire ya basi, muuzeni kuti asataye ntchito msanga. Ayambe walemba makalata ali kwawo, alikulandirabe malipiro, ndipo anyamuke yankho lili m'manja. Akulu adati safunsa adadya phula.

Dzuwa litapendeka ndidaolokanso mlatho uja. Pansi anamwino a usiku analikutsika m'matekisi, zizindikiro zawo zili pamapewa. Pachipata ndidaona amayi aja alikukweza gogo m'galimoto mosamala, dzanja lina kumsana, lina kumaondo, monga achitira munthu amene adaphunzira ntchitoyo.